Galimoto ya Atsibweni Inkazima pa Mlambe

Chipewa cha atsibweni chinali chofiirira, cha ubweya wothinana, ndipo pakati pake panali banga lakuda lonunkha petulo. Anachigula ku Halale, kumene anakhala zaka zambiri akuyendetsa galimoto za azungu a fodya. Chilimwe chimene ndikukumbukachi chipewacho sichinkakhalitsa pamutu. Ankachitembenuza, n'kuchiika pakamwa pa thanki, n'kumathira petulo pang'onopang'ono kuti zinyalala zitsalire m'chipewamo. Akatha ankachikuntha pabondo n'kuchivalanso chili chinyowere. Mpaka lero ndikadutsa pamene anthu akuthira petulo mtima umandithamanga, chonsecho ndine nkhalamba, palibenso amene angandilondole.

Atsibweniwa anali mlongo wawo wa amayi, wamkulu kwa iwo. Kwathu kwenikweni, kumene amayi anabadwira, kunali kumtunda cha ku Dowa, koma abambo anawatenga chitengwa n'kutsika nawo kunyanja, pamudzi wina wa asodzi kufupi ndi ku Senga. Ine ndinabadwira komweko. Chaka chimenecho ndinali nditangoyamba kusenza ndowa yodzaza, ndipo amayi anali ndi khanda kumsana, kamlongo kanga.

Abambo anali ndi khoka lawolawo ndi mabwato. Anthu ankawalemekeza, ndipo kutchalitchi ndiwo ankayambitsa nyimbo. Ndiwo anandiphunzitsa kusambira, atandigwira pamimba ndi dzanja limodzi. Pakudya ankandichotsera minga ya chambo ndi zala zawo. Ndiwonso ankamenya amayi. Sindinena zambiri pa zimenezi. Ndingonena kuti amayi ankatula mtsuko ndi dzanja limodzi, chifukwa mkono wamanzere sunkakweranso kupitirira phewa. Ankhoswe anakhalapo pansi kangapo, ndipo nthawi zonse mawu omaliza ankakhala omwewo: banja ndi kupirira.

Atsibweni anafika mitengo itayoyoka masamba, nyenje zikulira mpaka kugonthetsa m'khutu, mchenga ukuwotcha mapazi dzuwa lisanakwere n'komwe. Anafika akukankhidwa ndi anyamata a pamudzi. Galimoto yawo inali yakale, yoti mwini wake woyamba ankafuna kuitaya. Utoto wakuda unali utasanduka wotuwa, ndipo kumbuyo anaidula n'kukhomako bokosi lamatabwa. Inali itawazimira kangapo potsika mapiri, ndipo komaliza inazimira pa mlambe waukulu umene unali m'mbali mwa msewu wolowera kumudzi. Atsibweni anauza abambo kuti abwera kudzagula utaka wouma kuti akagulitse kumtunda. Abambo anakondwa, pakuti nsomba zinali zitadzaza pamathandala popanda wogula.

Amayi atagwada kuwapatsa madzi osamba m'manja, atsibweni anaona mmene anagwirira mbale. Anayang'ana mkono uja, kenako anayang'ana pansi. M'mawa mwake ndili pansi pa thandala kutola nsomba zogwa, ndinawamva akulankhula chapansipansi.

"Mlongo wanga, nsombazi ndi zongophimba anthu m'maso. Ndabwera kudzakutenga."

"Pa galimoto yomweyi, achimwene? Ikakatizimira panjira, adzandiphera pamaso pa ana."

Amayi atawerama anandiona. Anandigwira chibwano mwamphamvu. "Zimene wamvazi umeze," anatero. Ndinazimezadi, ndipo zinakhala m'mimba mwanga chilimwe chonsecho.

Ana anga amandifunsa chifukwa chimene sitinangonyamuka wapansi kapena kukwera sitima ya pamtunda. Sitima ya ku Salima inkalowera kummwera, osati kwathu. Wapansi, mayi wa mkono umodzi, khanda kumsana ndi mwana wina pambuyo, akanafika pati? Abambo anali ndi njinga, ndipo aliyense m'njiramo ankawadziwa. Panafunika chinthu chothamanga kuposa njinga, chosaima mpaka m'mapiri.

Matenda a galimoto ija anali odabwitsa. M'mawa atsibweni akazungulitsa handulo, chitsulo cholizira injini chimene ankalowetsa kutsogolo, inkalira msanga ngati ilibe vuto lililonse. Inkayenda bwinobwino kudutsa m'migwalangwa ndi m'minda youma. Injini ikangotentha, cha pa mlambe paja, inkatsokomola, kunjenjemera, zii. Pamenepo ngakhale munthu azungulitse handulo mpaka msana kuthyoka, sinkayankha. Ikakhala nthawi yaitali n'kuzizira inkaliranso, ngati si yomwe ija. Tsiku ndi tsiku atsibweni ankaiyesa, ndipo ankanditenga ine. Ankati akufuna maso akuthwa. Tsopano ndimaona kuti ankafunanso kuti abambo azolowere kundiona ndili m'galimotomo.

Poyamba anaganiza kuti vuto ndi petulo. Ndi masiku amenewo pamene chipewa chija chinagwira ntchito kwambiri. Anamasula kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, n'kuyala tizitsulo take palichero la amayi. Anapemerera ndi pakamwa m'kapaipi kochokera kuthanki mpaka milomo inasupuka. Atabwezeretsa zonse tinanyamuka, ndipo pa mlambe paja galimoto inazimanso.

Tsiku lina atsibweni anabwereka chitenje cha amayi. Galimoto isanalire, anatsegula boneti, anachotsa waya papulagi imodzi n'kumupanikiza ndi kamtengo kong'alula kuti nsonga yake iyandikire chitsulo cha injini. Anandifunditsa chitenje chija kumutu pamodzi ndi injiniyo kuti mukhale mdima, iwo n'kupita kukazungulitsa handulo. M'katimo munkanunkha mafuta opsa ndi utsi wa nsomba umene unakanirira m'chitenjemo.

"Waona chiyani, mwanawe?"

Ndinaona kamoto kobiriwira kakudumpha, kakulira kuti tsa, tsa. Titafika pa mlambe galimoto itazima, anandifunditsanso. Chitsulo chinkanditentha kumaso, thukuta likulowa m'maso. Kamoto kaja kanaoneka kamodzi, kofiira, kofooka ngati chiphaniphani chakufa, kenako kanasowa.

"Ndiye kuti si njala," anatero atsibweni. "Ikatentha moto ukuthawa. Tsopano tifufuze kumene ukuthawira."

Anatsuka mapulagi onse. Anakwecha mapoyinti, tizitsulo tiwiri tokhudzana n'kumalekana injini ikamazungulira, pogwiritsa ntchito mbali ya bokosi la machesi. Analondola waya aliyense ndi zala, akumanga ndi nsanza pamene panali ponyuka. Chilichonse chimene anakonza tinkachiyesa pamsewu, ndipo mlambe uja unkatidikira. Ndinayamba kuuda mtengo umenewo. Ndikauona patali ndinkagwira mpweya, ngati galimoto ingaiwale ndikakhala chete.

Masiku onsewa abambo sanakweze dzanja pa amayi, poti mlamu wawo anali pakhomo. Koma m'nyumba munali ngati thambo lodzaza mitambo yosagwetsa mvula. Pochoka kunyanja abambo ankaima pambali pa galimoto, manja kumbuyo, n'kumaseka. "Alamu, ng'ombe yanuyi idzadzuka koma?" Atsibweni nawo ankaseka. Ine ndinkayang'ana maso a abambo, ndipo maso sankaseka. Tsiku lina tikudya anafunsa modekha, "Kodi kumtunda simulima chaka chino?" Atsibweni anayankha kuti munda wawo akusosa ndi akazi awo. Amayi anatuluka ngati akukatenga madzi, chonsecho madzi anali pomwepo.

Panalinso china chimene chinkatithamangitsa. Kutsidya kwa nyanja mitambo inali itayamba kuunjikana, ndipo mphepo ya mpoto inkabwera ndi fungo la dothi lonyowa. Msewu wopita kumapiri unkadutsa m'dothi lamakande. Mvula ikanangogwa yokwanira, palibe galimoto imene ikanadutsa mpaka nthawi yokolola. Ndinkaona atsibweni akudzuka n'kuyamba kuyang'ana kumwamba asanapereke n'komwe moni.

Kenako anayenda wapansi kupita ku Salima, kwa makaniko wina amene ankakonza malole onyamula thonje. Anabwerako ndi kachitsulo kakang'ono ngati chala, kotchedwa kondensa, atakamanga m'mpango. Anati kameneka kakakalamba kamafooka ndi kutentha. Atakaikamo tinanyamuka, ndipo tinaudutsa mlambe. Ndinakuwa. Atsibweni anamenya chiwongolero ndi chikhatho. Tisanafike patali galimoto inatsokomola, n'kuzima monga mwa masiku onse. Atsibweni anatsika n'kukhala pafumbi pakati pa msewu.

Madzulo a tsiku lomwelo abambo anapeza zovala zathu zonse zili zochapa, zopindidwa bwino m'dengu. "Wachapa zonse, ukupita kuti?" Amayi anati mvula ili pafupi, zinthu sizidzauma. Abambo anawagwira mkono wamanzere uja, pamwamba pa chigongono, n'kuyamba kufinya. Amayi sanalire. Ndinangomva mano awo akukukutika. Panja atsibweni anatsokomola, ndipo abambo anawasiya. Ine ndinali pakhomo, nditanyamula khanda, ndipo palibe amene anandiyang'ana.

Vuto lenileni linapezeka mwangozi. Galimoto itazimanso tsiku lotsatira, atsibweni anawerama m'boneti kuti afikire waya wina, ndipo mkono wawo unakhudza kachitini kakuda komangiriridwa pafupi ndi injini. Analumpha. Khungu linatuwa pomwepo n'kutupa chithuza. Ndinkayembekeza kuti atukwana, koma anayamba kuseka, misozi ikutuluka. Kachitiniko kanali koyilo, kamene kamakulitsa moto wochokera kubatire usanapite kumapulagi. Kanali kotentha koti sungakagwire, ndipo m'mbali mwake munali mng'alu wotuluka zakuda ngati phula. Ananyowetsa mpango n'kuukulunga pamenepo. Mpango unachita nthunzi. Ananyowetsanso, ananyowetsanso, ndipo tisanadikire nthawi yaitali monga tinazolowera, injini inalira.

Koyilo yatsopano inkayenera kuchokera ku Limbe pa sitima, ndipo mvula sikanatidikira. Atsibweni anaichotsa pafupi ndi injini, anawonjezera mawaya, n'kuimangirira m'kati mwa galimoto, pansi, pamene panali mapazi anga. Anaikulunga ndi chiguduli, ndipo pambali anaikapo debe la madzi ndi chikho. Ntchito yanga inali yoti chigudulicho chisaume. "Thira m'mbali mokha. Pamutu pake, pamene pali mawayapo, pasafike dontho." Tsiku loyamba madzi anafikapo, ndipo moto unandimenya m'dzanja mpaka m'mano. Sindinalakwitsenso.

Kuyambira pamenepo galimoto inali itachira, koma palibe amene anauzidwa kupatula amayi. Tikafika pa mlambe atsibweni ankaizimitsa okha, n'kutsegula boneti, n'kumapukusa mutu kuti odutsa aone. Pobwera ankauza abambo kuti zikadali zomwezija. Matumba a utaka anali atapakiridwa kale kumbuyo, akuti podikira tsiku limene ng'ombe idzadzuke.

Tsikulo linafika pamene abambo anapita ndi anthu awo kukaponya khoka kudooko lakutali, kumene kunamveka kuti kwagwa nsomba. Kumwamba kunali kolemera, kopanda kamphepo. Amayi anasiya moto ukufuka kukhitchini, munsi uli mumtondo, ndi nsalu imodzi pachingwe, kuti wodutsa aziyesa ali pafupi. Anagona kumbuyo pakati pa matumba atakumbatira khanda, ndipo atsibweni anawafunditsa chiguduli. Sanatenge kanthu koposa kamtolo kamodzi.

Tinaudutsa mlambe osaima. Ine maso anali pachiguduli cha koyilo, chikho m'dzanja, kuthira pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira. Tinalambalala masitolo a ku Salima, tinawoloka njanji, tinalowa m'minda ya thonje imene inali itatenthedwa mapesi. Dzuwa linali pamutu. Atsibweni ankangoyang'ana kumbuyo pafupipafupi. Pa kamtsinje kena kouma panali mlatho wamitengo, ndipo mtengo umodzi unali utachoka. Gudumu linagwera pamenepo, galimoto inadumpha, debe linagubuduzika. Madzi onse anatsikira m'ming'alu ya pansi. Ndinafinya chiguduli ndi manja onse, koma chinauma ndikuona, chinayamba kununkha, ndipo titangoyamba kachitunda injini inatsokomola n'kuzima.

Sindinamvepo bata loopsa ngati limenelo. Nyenje zokha. Atsibweni anatenga debe n'kuthamangira kumtsinje kuja kukakumba mumchenga ndi manja. Amayi anatuluka m'matumba, nkhope ili mamba a nsomba okhaokha, khanda likulira. Madzi anali pansi kwambiri, ndipo ankatuluka pang'onopang'ono, amatope. Atsibweni atabwera nawo ndinayamba kuthira. Atsibweni anazungulitsa handulo, koma koyilo inali itatentha kuposa masiku onse. Tinadikira. Anazungulitsanso mpaka chithuza chija chinaphulika, magazi n'kumatsikira m'chikhatho. Mthunzi wa galimoto unasuntha kuchoka pansi pake kufika m'mbali mwa msewu, ife tili pomwepo.

Amayi ndiwo anayamba kuona fumbi. Kanali kafumbi kakang'ono, ka njinga imodzi. Pambuyo pake ndinamva kuti mpoto unawinduka panyanja, mabwato anabwerera msanga, ndipo abambo anapeza mtondo uli wokha.

Anafika ali mbuu ndi fumbi, malaya atamatirira kumsana. Anaigoneka njinga pansi mosamala, ndipo kusamalako kunandiopsa kuposa akanaiponya. Atsibweni anaima pakati pa iwo ndi amayi, manja ali opanda kanthu. Handulo inali ikadali kutsogolo kwa galimoto.

"Alamu, nsomba zanga mwatenga, palibe kanthu. Nanga awa?"

"Awa ndi mbumba yanga," anayankha atsibweni.

Abambo anayang'ana amayi. "Tiye kunyumba."

Moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo amayi akulankhula ndi abambo ali chilili. Tsiku limenelo sanagwade. Mawu awo anatuluka onse.

"Ndikupita kwathu. Ngati mukufuna kundipha, ndipheni pano pamsewu, achimwene akuona. M'nyumba muja sindilowanso."

Abambo anachotsa maso pa amayi. Kenako anabwera pakhomo la galimoto pamene ndinakhala ine. Ndinamva fungo lawo la nyanja ndi thukuta, fungo limene ndinkalikonda akandinyamula.

"Nawenso?"

Ndinkafuna kukwera njinga ija, ndiponso ndinkafuna kuti achoke. Ndinangoti, "Atsibweni anati chigudulichi chisaume."

Anayang'ana chigudulicho, anayang'ana manja anga amatope, anayang'ana mawaya. Ndikhulupirira kuti pamenepo anazindikira kuti tonse tinkadziwa, ngakhale ine. Anatembenuka n'kupita kutsogolo kwa galimoto, n'kugwira handulo. Atsibweni anabwerera chambuyo n'kutambasula mikono kutsogolo kwa amayi. Chinali chitsulo cholemera, chotha kuswa mutu wa munthu.

"Kakhaleni pachiwongolero, alamu," anatero abambo osayang'ana aliyense. "Dzanja lanulo latha."

Atsibweni anazengereza, kenako analowa. Abambo anawerama n'kuzungulitsa ndi mapewa awo okokera khoka. Injini inaphulika kamodzi n'kukhala chete. Anazungulitsanso, ndipo inalira. Anasolola handulo ija, anayenda nayo m'mbali mwa galimoto, anadutsa pafupi ndi amayi. Amayi sanasunthe. Anaiika pamwamba pa matumba a nsomba, n'kupita kukadzutsa njinga yawo. Amayi anakwera kutsogolo pambali panga, khanda lili pamiyendo, ndipo tinanyamuka. Nditasuzumira kumbuyo ndinawaona ataima pakati pa msewu, atagwira njinga, osakwera. Ndinawabayibitsa ndi chikho.

Sindikunena izi kuti ndiwayeretse. Mkono wa amayi sunachire mpaka imfa yawo, ndipo kuzungulitsa handulo tsiku limodzi sikunafafanize zaka zonse zija. Ukwati unathetsedwa ndi ankhoswe mvula itatha, abambo anakwatira wina, ndipo ine ndinadzawaonanso ndili ndi ana angaanga. Za tsiku limenelo sitinakambe. Kaya anachita manyazi, kaya anatopa, kaya anaona kuti angathe kubweza thupi la amayi lokha, sindidziwa.

Mvula inatipeza titayamba kukwera mapiri, makande tawasiya m'mbuyo. Inagwa yamphamvu, yozizira, ikulowa m'mazenera opanda magalasi, ndipo galimoto sinazimenso. Atsibweni anayamba kuimba. Amayi anali atayamba kulira titangochoka pa kamtsinje kaja, ndipo sanaleke. Ankalira mopanda mawu, nkhope ataikwirira pamutu pa khanda, mapewa akugwedezeka. Sanalire pamene ankafinyidwa mkono, sanalire pamsewu paja, koma tsopano titapulumuka ndi pamene ankalira. Ine ndinkadziwa chifukwa chimodzi chokha chimene munthu angalirire m'galimoto imeneyo. Ndinawagwira bondo n'kuwauza kuti asaope, sizimanso, madzi alipo ambiri. Anagwedeza mutu ngati avomera, koma kulira kunakula. Ndinaganiza kuti sanandikhulupirire, choncho ndinatunganso chikho china n'kuthira iwo akuona.